Ndidakaphunzira unkhoswe ku Nhartanda

Awerengi, ine ndakhala nkhoswe wa maukwati asanu ndi awiri, ndipo kumpingo kwathu ndili m'gulu la alangizi a mabanja chipumireni ntchito ya uphunzitsi. Tsono pamene lamya idalira usiku wina m'mwezi wa Okutobala, mwana wa mlongo wanga akulira kuti "Amalume bwerani mudzanditenge, banja landikanika," sindidaganize kuti pali china choti ndikaphunzire. Mumtima ndidangoti ndipite ndikamutenge mwanayo, nkhani ithere pomwepo. Mwanayu adakwatiwa ku Tete, ndipo amakhala m'mphepete mwa dambo lotchedwa Nhartanda. Zimene ndilembe pano ndayamba ndapempha chilolezo kwa eni ake onse awiri, ndipo maina awo sindiwatchula.

Ndidadutsa pa chipata cha Mwanza m'mamawa, pa Zobue nkukwera minibasi imene anzathu kumeneko amaitcha chapa. Kuchokera pa Zobue kukafika ku Tete ndi mtunda woposa makilomita 100, ndipo njira yonse ndi yotsetsereka. Mukamatsika, mphepo yozizira ya kumapiri imatsala m'mbuyo, mitengo yathu ya kuno imayamba kusowa, m'malo mwake mumaona malambe, masau ndi mbuzi zosawerengeka. Akuluakulu anzanga akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1980 msewu umenewu sankayendamo munthu payekha. Magalimoto ankayenda pamdipiti, asilikali a ku Zimbabwe akuwaperekeza. Nkhondo ija idatha ndi pangano la ku Rome la pa 4 Okutobala 1992. Makolo a mkamwini wathuyo adali ena mwa anthu pafupifupi miliyoni imodzi amene adathawira kuno kwathu. Iye adabadwira ku msasa wa Luwani, nchifukwa chake Chichewa amachilankhula ngati ife tomwe.

M'chapa muja ndidakhala pafupi ndi mayi wina wa geni, amene adanyamula matumba a mbatata kupita nawo kumsika wa Kwachena mumzinda wa Tete. Adandifunsa za ulendo, ine mtima uli wodzaza, ndidamasuka. Ndidamuuza kuti ndikupita kukatenga mwana wathu wa ku Mwanza amene amalima ndiwo zamasamba ku Nhartanda, chifukwa mwamuna wake wogwira ntchito ku migodi wapeza mkazi wina ndipo ndalama sakusiyanso pakhomo. Dzina sindidatchule, choncho ndinkaona ngati palibe chimene ndalakwa. Mayiyo adangopukusa mutu nkunena kuti amuna a masiku ano ndi otero.

Tidafika pa Moatize dzuwa lili paliwombo. Apa ndi pa malasha. Mgodi waukulu adautsegula mu 2011 a kampani ya Vale ya ku Brazil, amene adaugulitsa kwa a Vulcan mu 2022, ndipo mabanja ambiri amene ankakhala pamalopo adasamutsidwira ku Cateme. Malashawa adakoka anyamata ochokera mbali zonse, koma ambiri amalembedwa ndi makampani ang'onoang'ono a makontirakiti, ntchito yake ya lero ilipo mawa palibe. Kuchoka apo tidawoloka mtsinje wa Revubue, pa mlatho umene udaduka ndi madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022, kenaka Chingodzi kumene kuli bwalo la ndege, kenaka Matundo. Kutsogolo kwathu kudaoneka Zambezi, ndi mlatho wolenjekeka pa zingwe wa Samora Machel umene udatha kumangidwa mu 1973. Magalimoto olemera adawapatsa mlatho wina, wa Kassuende, umene udatsegulidwa mu 2014.

Amene sadafikeko adziwe kuti Tete mu Okutobala ndi ng'anjo. Kutentha kumapitirira madigiri 40, miyala imaotcha ngati chiwaya, ndipo masana anthu amangobisala m'mithunzi. Koma mukadutsa nyumba zakale za m'tauni nkutsetserekera kuseri, maso amadabwa. Pakati pa dziko louma gwa pagona dambo lalitali lobiriwira, ndiye Nhartanda ameneyo. Ndi njira yakale ya madzi a Zambezi, ndipo mtsinjewo ukasefukira kwambiri madzi amalowabe m'menemo. Pansi pake pali madzi ambiri, moti a zamadzi adakumbamo zitsime zakuya zimene zimamwetsa mbali yaikulu ya mzindawo. Pamwamba pake ndi madimba okhaokha: letesi, kabichi, anyezi, tomato, therere ndi chimanga chachiwisi. M'mamawa ndi madzulo mumaona amayi ndi abambo akukhwekhwereza mapaipi, ena atanyamula zitini ziwiriziwiri. Vuto lake nlakuti nyumba zikuyandikira dambolo chaka ndi chaka, ndipo zinyalala ndi zimbudzi za kumtunda zikuopseza madzi amene onse amamwa.

Mwana wa mlongo wangayo ndidamupeza m'dimba, akuthirira ndi zitini, thupi litatha. Adandiuza kuti injini yake yopopera madzi, imene adagula yekha ndi ndalama za tomato, bambo a kunyumba adaitenga miyezi iwiri yapitayo akuti akaikonzetse, mpaka lero siidabwere. Malipiro a kuntchito sadawaone miyezi itatu. Mwamunayo amachoka mbandakucha, kubwera usiku, akafunsidwa amangoti watopa. "Amalume, munthu wotere mumati ali ndi chiyani ngati si mkazi wina?" Ine ndidavomereza ndi mtima wonse. Ndidamuuza kuti ayambe kumanga katundu.

M'mawa mwake adapita ndi dengu la letesi ku Kwachena, koma adabwerako msanga, maso ali psuu. "Amalume, mwandivula pamsika. Aliyense akundipepesa kuti amuna anga akwatira kwina ndipo amalume anga abwera kudzanditenga. Ndani wawauza?" Pakamwa padandiuma. Mayi wa mbatata uja adali kasitomala wake. Sadafune dzina ayi. Mkazi wa ku Mwanza wolima ku Nhartanda, mwamuna wake wa ku migodi, adali mmodzi yekha. Ine mlangizi wa mabanja, amene ndimadzudzula achinyamata za miseche, ndidafalitsa mlandu umene ndidali ndisadaumve mbali zonse.

Kuno kwathu ukwati umamangidwa ndi ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndipo mwamuna nthawi zambiri amakakhala chikamwini. Anyungwe a ku Tete amalowola, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana amatsata mtundu wa bambo. Pamwamba pa achibale, banja limakhalanso ndi aperekezi a paukwati, amene pa Chipwitikizi amati apadirinyu ndi amadirinya. Awa ntchito yawo siithera pa tsiku la phwando. M'nyumba mukabuka utsi, oyamba kuitanidwa ndi iwowo. Apadirinyu a banja limeneli adamwalira, kudatsala amadirinya, mayi wachikulire wa dimba loyandikana nalo, amene sukulu sadapite nayo patali. Adalankhula Chinyungwe, ine Chichewa, ndipo tidamvana bwinobwino, pena ndi pena mwana wathuyo akuthandiza.

Atamva za kumsika sadandikalipire. Adangoti, "Bambo, mwabwera kudzamva kapena kudzatenga? Ngati mwabwera kudzatenga, chapa ilipo. Ngati mwabwera kudzamva, khalani pansi." Ndidakhala pansi.

Madzulo ake adaitana onse awiri pansi pa mtengo wa mango, ndipo asadamve dandaulo lililonse adayamba wayala malamulo ake. Paja nkhanga zidapangana kusadache. Adati iye sali wa mwamuna kapena wa mkazi, ndi wa nyumbayo pamodzi ndi ana ake. Adati adzamva aliyense payekha, ndipo zimene amve sizidzafika kumsika, kutchalitchi kapena kwa achibale. Adatinso zimene mmodzi anene kumbali, iye sadzazitengera kwa mnzakeyo ndi pakamwa pake, koma ngati ndi chinthu chimene chikupweteka mnzakeyo, mwini wake adzapatsidwa masiku kuti anene yekha, ndipo akakana, iye adzasiya kuweruza nkhaniyo poyera, chifukwa sangakhale pabwalo akunamizira kusadziwa. Pomaliza adati pali chimodzi chimene sasunga: ngati wina akumenyedwa kapena mwana akuzunzidwa. Adawafunsa ngati avomera. Onse awiri adavomera.

Adayamba ndi mkazi, kumbali, ndipo funso lake loyamba, monga adandiuzira mwanayo pambuyo pake, lidali lakuti, "Kodi adakumenyapo? Kodi umagona ndi mantha?" Yankho lidali lakuti ayi. Ine pa maukwati onse asanu ndi awiri aja sindidafunsepo mkazi funso limeneli mwamuna wake palibe. Ndinkafunsa onse ali pamodzi, ndipo tsopano ndikudziwa kuti mkazi amene akuopa sangayankhe zoona womumenyayo atakhala pambali pake.

Usiku umenewo ndidagona panja chifukwa cha kutentha. Mkamwini uja adabwera nkukhala pa mphasa yanga. Adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Amalume, ndikuuzeni chinthu, koma mulumbire kuti simuwauza mayi a kunyumba." Ine chifukwa chofuna kumva dzina la mkazi winayo, ndidalumbira msangamsanga. Apo ndidalakwa kachiwiri. Mkazi wina padalibe. Kontirakiti ya kampani imene ankagwirako idatha miyezi itatu yapitayo. Chifukwa cha manyazi sadanene. M'mawa uliwonse ankavala nsapato za kuntchito, kuwoloka mlatho, nkumakazungulira m'zipata za makampani ku Matundo ndi ku Moatize kufunsa ganyu. Kuti alipire lendi adatenga katapila, chikole chake nkukhala injini ya mkazi wake ija. Kudatsala masiku 12 kuti injiniyo ipite.

Abale anga, tulo sindidatione. Mwana wa mlongo wanga, magazi anga, akuthyoka msana ndi zitini, injini yake ili pafupi kugulitsidwa, ine ndikudziwa koma ndalumbira. Ndikanena, mnyamatayo sadzakhulupiriranso nkhoswe moyo wake wonse, ndipo mkaziyo adzamva choona kuchokera kwa munthu wolakwika. Ndikapanda kunena, ndasanduka mnzake wa bodzalo.

Kutacha ndidapita kudimba la amadirinya. Ndidati, "Mayi, ndasenza katundu amene sindingakutulireni." Adandiyang'ana nkunena kuti, "Musanditulire. Bwererani kwa mwini wake, mukamuuze kuti mudalumbira musadadziwe kulemera kwake. Mukamupatse tsiku." Ndidachita zomwezo. Ndidamuuza mkamwiniyo kuti pakamwa panga sipatuluka kanthu, koma pofika Loweruka anene yekha, ine ndi amadirinya tili pomwepo kumuchirikiza. Akapanda kutero ndinyamuka, ndipo ndidzauza mkazi wake kuti pali nkhani imene ayenera kufunsa mwamuna wake. Adakwiya, adati ndamupereka. Ndidamukumbutsa kuti mbewa ya manyazi idafera kuuna. Adakhala masiku awiri osandilankhula.

Loweruka madzulo, pansi pa mango paja, adanena zonse, mutu uli pansi. Musaganize kuti mkaziyo adalumpha ndi chimwemwe pomva kuti palibe mkazi wina. Adakwiya koposa kale. "Ntchito imatha, zimenezo ndikudziwa. Koma miyezi itatu ndikukuphikirani kamba wa kuntchito imene kulibe? Injini yanga mukuiika chikole osandifunsa, ngati ine ndine mwana?" Ine ndidafuna kudumphira kuti mkhululukireni, poti waulula. Amadirinya adandigwira mkono. Adamusiya mkaziyo alankhule mpaka mawu adamuthera. Atatero adamufunsa chimene iye mwini akufuna: kupita ndi amalume ake, kapena kukhala. Adamuuza kuti zonse ziwiri ndi zake kusankha, ndipo palibe amene amunene. Mwanayo adati akhala, koma ndalama za m'nyumba aziwerengera limodzi, ndipo kwa wakatapilayo apite onse awiri. Adagwirizana kuti tomato amene adali pafupi kupsa alipire gawo la ngongoleyo, ndipo mwamunayo azithirira dimba m'mawa asadapite kofuna ntchito. Amadirinya adati abwerenso pakatha masabata awiri.

Potsazika ndidatulutsa ndalama pang'ono kuti mayiyo agule shuga. Adakana. Adati akalandira za ku Malawi zokha, mawa mwamunayo adzati mlandu udagulidwa. Ngati pali chothokoza, chichokere m'nyumbamo, onse awiri atagwirizana.

Ndidamufunsanso kuti akadachita chiyani mkaziyo akadati amamenyedwa. Adati imeneyo si nkhani ya pansi pa mango, akadamuperekeza yekha ku polisi. Apa mayiyu akugwirizana ndi malamulo a dziko lake. Ku Mozambique lamulo nambala 29 la chaka cha 2009 lidaika nkhanza za m'banja zochitira amayi m'gulu la milandu ya boma, kutanthauza kuti nkhani ikafika ku polisi siitha chifukwa chakuti mkazi wanyengereredwa kuti aichotse. Ku polisi kuli ofesi yapadera yolandira mabanja ndi ana ochitiridwa nkhanza. Mikangano ing'onoing'ono ya m'nyumba ndiyo imapita ku mabwalo a m'madera amene adakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992, komwe ntchito yawo yaikulu ndi kuyanjanitsa. Mu 2019 adaikanso lamulo loletsa ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ndipo limalanga ngakhale akuluakulu amene akonza ukwati woterowo. Kuno kwathu nakonso tili ndi lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja la 2006, ndi lamulo la maukwati la 2015, ndipo zaka 18 zidalowa m'malamulo aakulu a dziko mu 2017. Choncho nkhoswe amene amabweza mkazi wotupa nkhope ndi mawu akuti banja ndi kupirira adziwe kuti mbali zonse ziwiri za malire malamulo sali naye.

Kunja kuno uphungu wa mabanja ndi ntchito imene anthu amaphunzira kusukulu zapamwamba. Ku Maputo, yunivesite ya Eduardo Mondlane imaphunzitsa maphunziro a ukachenjede othandizira mabanja ndi madera. Ku America kuli bungwe la aphungu a maukwati ndi mabanja lotchedwa AAMFT, limene lidayamba mu 1942, ndipo lili ndi malamulo olembedwa. Ena mwa malamulowo amati phungu asaulule chinsinsi cha mmodzi kwa ena a m'banjamo popanda chilolezo cholemba, afotokozeretu malire a chinsinsi asadayambe, apewe ubale wina umene ungapotoze maganizo ake, asagone ndi amene akumuthandiza, ndipo zoti banja lithe kapena lipitirire asiyire eni ake. Mayi wa ku Nhartanda uja sadawerengepo zimenezi, koma zonse ndidaziona akuzichita ndi manja a matope.

Pali chimodzi chimene ife ankhoswe timasiyana ndi aphungu a kusukuluwo. Iwo amaletsedwa kuthandiza mbale wawo, pamene ife timasankhidwa chifukwa cha ubale womwewo. Ubale ndiwo umatipatsa mphamvu yolowa m'nyumba ya eni, komanso ndiwo umatitseka khutu limodzi. Nchifukwa chake makolo adaika ankhoswe awiri, ndipo adati nkhani isakambidwe wina palibe. Ine ndidanyamuka ndekha, osadziwitsa wa kuchimuna, chigamulo chili kale m'thumba. Ndikadamutenga mwanayo tsiku loyamba lija, bwenzi lero ana awiri ali kuno opanda bambo, injini itapita, chifukwa cha mkazi amene kulibe.

Tsono kwa anzanga ankhoswe, alangizi a kumpingo, anamkungwi ndi mafumu a m'midzi ya m'malire muno, ndikuti tiyeni tisunge izi. Nkhani ya banja la eni isakambidwe m'minibasi, pachigayo, pamowa ngakhale kwa akazi athu kunyumba, ndipo kubisa dzina kokha sikukwanira. Tisalumbire kusunga chinsinsi tisadanene malire ake. Timve aliyense payekha tisadawakhazike pamodzi, ndipo mkazi timufunse za mantha mwamuna palibe. Tisalandire nkhuku ya mbali imodzi. Zimene zatiposa, monga matenda, kumenyana kapena munthu wofuna kudzipha, tiperekeze eni ake kuchipatala kapena ku polisi, tisachite manyazi kunena kuti apa pandikulira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndidanyamuka Lolemba m'mamawa, dzuwa lisadakwiye. Podutsa m'dambo muja ndidaona mkamwini wathu atapinda buluku, zitini ziwiri m'manja, mkazi wake ali patsogolo akumulozera mizere ya tomato. Sankalankhulana kwambiri. Injini idali isadabwere, ndipo ngongole idali isadathe. Iye ndiye adandiuza kuti ndilembe nkhaniyi, akuti alipo anzake ambiri amene amavala nsapato za kuntchito m'mawa uliwonse ntchito itatha kalekale. Mkazi wake naye adavomera, koma adati, "Amalume, mulembenso za m'chapa zija, musadzibise." Ndalemba.

M'chapa yobwerera ku Zobue bambo wina adandifunsa kuti ndidakatani ku Tete. Ndidamuuza kuti ndidakaona ana, ndipo ali bwino.